Chitseko cha Galimoto ya Achimwene

Ulendo wanga wa ku Mozambiki unayambira pa galaja ya Che Bwanali, kuseri kwa msika wa pa Mangochi boma, chala changa chikutuluka magazi.

Ine ndine Amidu, ndimayendetsa takisi pakati pa boma ndi Monkey Bay. Galimoto yanga ndi kaja kakang'ono kodula kumbuyo, kopanda buti, kamene chitseko chake chachisanu chimatsegukira m'mwamba. Tsiku lina lole yobwerera m'mbuyo inandiphwanyira chitseko chimenechi pa siteji, ndipo ndinayenda masabata angapo nditamata pulasitiki, fumbi lonse la ku Nkopola likuthera m'makosi mwa makasitomala.

Musaganize kuti sindinafunefune chatsopano. Ndinakafika mpaka ku Blantyre, kusitolo yaikulu ya magalimoto, komwe mnyamata wa tayi anandiseka mwaulemu. Anati kampani inasiya kale kupanga tigalimoto timeneti, anthu akunja sakutifunanso, masiku ano akufuna zija zazitali miyendo, zooneka ngati za m'thengo chikhalirecho n'zazing'ono. Anandilozera imodzi yonyezimira n'kunena kuti bwanji ndingogula imeneyo. Ndinamufunsa ngati amalandira usipa, koma sanaseke.

Chisiyireni kupanga, ife eni tigalimoto timeneti tikukhala ngati miimba. Sipeya aliyense amachokera m'galimoto inzake imene yafa. Kukamveka kuti kagubuduzika kamodzi ku Liwonde kapena ku Golomoti, amakaniko amayamba kuimbirana mafoni asanafunse n'komwe ngati dalaivala wapulumuka. Choncho pamene Che Bwanali anandiitana kuti chitseko chapezeka, sindinafunse kuti chachokera kuti. Chinali chopakidwa penti yoyera mwachangu, m'kati mwake muli siliva. Tikuchinyamula kuti tichiyese, chinthu china chinandibaya chala pansi pa mlomo wa chitsekocho. Nditawerama ndinaona mbedza zitatu zowotcherera.

Ife madalaivala a kunyanja nsomba zaziwisi sitiika m'galimoto. Timazikoloweka kunja, pa galasi la m'mbali kapena pa waipa, kuti ziziwombedwa mphepo ndipo mipando isanunkhe. Koma achimwene anga a Jafali ankadana ndi nsomba za pa galasi, ankati madzi ake amathonyera pa chitseko cha kasitomala. Anatenga mbedza zitatu zazikulu za kampango zimene anasiya malemu bambo athu, n'kuzipala ndevu, n'kukaziwotchereretsa pansi pa chitseko cha kumbuyo. Tsiku limenelo chitsekocho ndinagwirira ndine. Mbedza yapakati inakhala mopendekeka chifukwa magetsi anathima wowotcherera asanamalize, ndipo pa chitseko chili m'manja mwangachi yapakati inali yopendekeka.

Tigalimoto tathu tinagula limodzi, tofanana, anthu a pa siteji ankatitcha mapasa. Dzinja la dzana achimwene anatengedwa hayala ndi amayi a geni ya usipa opita cha ku Cuamba. Amayiwo atabwerera anati anawatsitsa bwinobwino, ndipo achimwenewo anatembenuka kubwerera tsiku lomwelo. Kunyumba sanafike. Tinafunsa m'zipatala, tinakanena mbali zonse ziwiri za malire, koma panalibe anaonapo munthu kapena galimoto. Pakamwa pa anthu sipachedwa, ena anati anakwatira ku Nampula, ena anati anagulitsa galimoto n'kulowera ku Joni. A shehe anati popanda mtembo kapena mboni sadaka ya maliro singachitike. Mkazi wawo, mlamu wanga Patuma, sanathe kukhala eda, masiku aja amene mkazi wamasiye amabindikira asanamasuke, ndiye anangokhala, si mkazi wapabanja, si wamasiye. Amayi athu, Abiti Saidi, anasiya kudya bwino. Lachisanu lililonse ndikapita kukawaona ankandifunsa funso limodzi: "Ngati anafa, anamusambitsa ndani?"

"Che Bwanali, chitsekochi mwachitenga kuti?" ndinafunsa.

"Bwanji, chakulakwira? Usayambe zochepetsa mtengo."

Ndinawaonetsa mbedzazo. Iwo ankawadziwa achimwene, shokapu zawo ankakonza ndi iwo. Anavula chipewa chawo chamafuta n'kukhala pa tayala.

"Inna lillahi, tonse ndife a Mulungu. Ndinachigula kwa Dauda, mnyamata wa masipeya pa Chiponde. Amidu, ndikanadziwa sindikanachigwira."

"Chimangeni," ndinatero. "Ndipita nacho."

Amayi sindinawauze kanthu. Patuma yekha ndinamuitanira kumsewu. Anazigwira mbedzazo imodzi imodzi, kenako anakhala pansi pa fumbi, nsalu yakumutu itagwera paphewa. Sanalire. Anangoti, "Pitani alamu, mukandiuze chimene ine ndili."

Ndinanyamuka m'mawa wa Lachiwiri. Mafuta masiku ano si a masewera, ndiye pa siteji ya magalimoto opita ku Namwera ndinatenga makasitomala: mayi wina wonenepa wa zitenje wopita pa Chiponde, mphunzitsi wa pulayimale, ndi madala ena a ndevu zoyera onyamula wailesi yakufa. Mayiyo anakangana nane mtengo mpaka ndinamuchotsera pang'ono kuti tingonyamuka. Titangotsika mlatho wa Shire, tayala litagunda kabampu, kumbuyo kunamveka gu, gu.

Achimwene anali ndi chizolowezi chawo: akamaliza kundithandiza kupakira katundu pa siteji, ankatseka chitseko cha kumbuyo n'kuchimenya kawiri ndi chikhatho, kutanthauza kuti basi, zipita. Ndine dalaivala, ndikudziwa kuti chitseko chachilendo sichikhala bwino pa loko wa galimoto ina. Ndinadziuza zimenezo mpaka pa Chowe, koma pa galasi lapakati ndinkaopa kuyang'ana. Galasi la kumbuyolo linali lawo, ndipo ndinkangoganiza kuti linaona chimene chinawachitikira.

Pa zitunda za Chowe kagalimoto kanga kanachita zake zija. Singano ya kutentha inakwera, utsi unayamba kutuluka pa boneti, ndinaima pa kona n'kuika miyala kumatayala. Tinakhala pamenepo nthawi yaitali kudikira injini izizire. Mphunzitsi anatsika ndi chigubu kukafuna madzi kukhwawa, madala aja anayala mkeka wawo waung'ono pamthunzi. Zinadutsa zija zazitali miyendo ziwiri, magalasi otseka, osatiyang'ana n'komwe. Anyani okha ndi amene anabwera kudzationa.

"Adalaivala, mwanyamula chambo?" anafunsa mayi wa zitenje, akununkhiza.

"Ayi mayi, mulibe nsomba muno."

"Ndiye fungoli likuchokera kuti? Zitenje zanga zisanunkhe. Ndiponso kumbuyoku kukugogoda ngati mwatsekeramo munthu."

Ndinayesa kuseka. Madala aja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa m'Chiyao ngati galimotoyi inanyamulapo maliro. Ndinati sindikudziwa, ndi chimene ndikupita kukafunsa. Injini itazizira tinapitiriza ulendo mpaka pa Namwera. Potsika, madalawo anandigwira dzanja n'kundinenera dua, pemphero lachisilamu, ndipo mayi wa zitenje anasamukira mpando wakutsogolo.

Dauda ndinamupeza pa Chiponde dzuwa lili paliwombo, m'kashedi ka malata kodzaza nyali, mabampa ndi magalasi. Anali mnyamata wa tcheni m'khosi, maso othamanga. Nditangotchula za chitseko anayamba kulumbira kuti katundu wake yense ndi wa mapepala, ankaganiza kuti ndine wapolisi wovala wamba. Ndinamukokera kumbuyo kwa galimoto n'kumugwiritsa mbedza.

"Izi ndi za bambo anga. Chitsekochi ndi cha achimwene anga, anasowa. Sindikufuna mlandu, ndikufuna manda."

Mawu oti manda ndinawatchula koyamba tsiku limenelo, ndipo ndinadzimva ndekha ndikuwanena. Dauda anafatsa. Anati katundu wa tigalimoto timeneti akusowa kwambiri moti amakagula kutsidya, kwa mkulu wina wotchedwa Zhuwau ku Mandimba. Anandilongosolera malo, n'kundiuza kuti galimoto ndiisiye pa shedi yake chifukwa kuwoloka nayo kumafuna mapepala ambiri. Kusiya kagalimoto kanga m'manja mwa munthu wa masipeya kunali kusiya nyama kwa fisi, koma ndikanatani. Ndinamuuza kuti ndikakapeza nyali imodzi yasowa, ndidzamugulula mano kuti ndikagulitse. Anaseka, n'kundiponyera lona kuti ndikafunditse.

Pa malire panali mzere wa malole a matabwa ndi amayi a mabeseni. Ndinaima nawo pamzere wa chiphaso, dzuwa likuotcha, anyamata osintha ndalama akundizungulira ndi mitolo ya metikashi. Ndinasintha zochepa, ndipo ndikudziwa kuti anandidya, chifukwa mnyamatayo anandithokoza kawiri. Kuchoka apo ndinakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka m'tauni ya Mandimba.

Zhuwau anali munthu wamkulu thupi, wolankhula Chiyao chosakaniza ndi Chipwitikizi. Bwalo lake linali lodzaza zigoba za magalimoto, nkhuku zikuikira m'mabuti. Sanakane kanthu. Anati kagalimoto kasiliva ako kanabwera zidutswazidutswa pa thalakitala, kuchokera kumudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje, kulowera kuthengo ukatsika pa Mitande. Anyamata anati kanakokoloka ndi madzi. Injini inapita kuchigayo, giyabokosi inagulidwa ndi munthu wa ku Lichinga, matayala ndi nyali zinatha sabata yomweyo.

"Nanga dalaivala?" ndinafunsa.

Anatambasula manja. "Ine ndimagula zitsulo, bwana. Za anthu sindifunsa."

Kenako anakumbuka kuti mpando umodzi uli pafupi, anaugulitsa kwa wometa tsitsi kutsidya la msewu. Ndinapita. M'kanyumba kometera munali mpando wa dalaivala atauwotcherera pa limu ya lole. Pamene munthu amatsamira phewa lamanja panali chigamba cha nsalu yobiriwira, chimene Patuma anasoka ndi manja ake mpandowo utang'ambika. Pampandopo panakhala bambo wina atatsinzina, akumetedwa ndevu, wailesi ikuimba. Ndinaima pakhomo mpaka wometayo anandifunsa ngati ndikufuna kumeta. Ndinapukusa mutu n'kutuluka, ndipo kuseri kwa kanyumbako ndinasanza.

Ndinagona pa nyumba ina ya alendo, ngati kumeneko kunali kugona. M'mawa ndinakakhala m'chapa, ndi mmene amatchulira minibasi kumeneko, yopita ku Cuamba. Inali ndi anthu anayi okha ndipo dalaivala analumbira kuti tinyamuka pompano. Pompano wa madalaivala ndimamudziwa, inenso ndimamunena. Tinazungulira msika, tinabwerera, tinapakira matumba a nyemba, tinawatsitsa chifukwa mwini wake wakangana ndi kondakitala, tinawapakiranso. Mnyamata wina anandiika tambala pamiyendo osandipempha. Pamene tinkatuluka m'tauni dzuwa linali litakwera kale, ndipo ine ndinali nditadya chinangwa chokazinga chimene sindinamve kukoma kwake.

Msewu unali wabwino, watala watsopano, ndipo ndinadabwa kuti achimwene anausiyiranji. Mayi amene ndinakhala naye pafupi, wodziwa Chichewa pang'ono, anandiuza kuti dzinja limenelo madzi anadula msewu waukulu malo ena, ndipo magalimoto aang'ono ankazembera njira za m'midzi. Chiyao chinkachepa m'chapamo mtunda uliwonse, okwera atsopano ankalankhula Chimakuwa chimene ine sindimva. Nditatsika pa Mitande ndinali ngati mwana, kulankhula ndi manja. Ndinajambula kagalimoto pamchenga n'kupanga chizindikiro cha madzi. Anyamata a njinga zamoto anayang'anana, awiri anachoka mwakachetechete, mmodzi yekha anandikodola kuti ndikwere.

Njira ya fumbi inali yaitali, yodutsa m'minda ya fodya ndi nandolo. Pakati pa ulendo tayala la njinga linaphwa, tinakankha mpaka pa mudzi wina pomwe munthu anamata chubu ndi moto wa makala. Ndinakhala pa chitsa kudikira, ndikuganiza kuti ndikhoza kubwerera pompano. Ndikanatha kukauza Patuma kuti sindinapeze kanthu, amayi akanapitiriza kuyembekezera, ine n'kumanena mumtima kuti mwina alidi ku Joni. Ndinachita mantha, sindikubisa. Munthu ukamafuna choonadi umaganiza kuti uli ndi mtima, mpaka chitayandikira.

Mtsinjewo tinaupeza wouma, mchenga wokhawokha ndi timadzi ta m'zithaphwi. Panalibe mlatho, koma simenti yoyala pansi powolokera. Kumunsi pang'ono, pansi pa mtengo wa mango, panali chigoba cha kagalimoto. Chinalibe matayala, chinalibe zitseko, chinalibe waya ndi mmodzi yemwe, mbuzi zinkabisalamo dzuwa. Chinali chasiliva. Ndinazungulira kumbuyo, pamene panali chitseko, ndipo ndinaika dzanja pa mahinjesi odulidwa.

"Mwachedwa, bambo," anatero munthu kumbuyo kwanga, m'Chichewa chomveka bwino.

Anali madala oonda, a kolona m'khosi, atanyamula khasu. Ana anali atathamanga kukawaitana. Anati dzina lawo ndi Alubeto. Chichewa anachiphunzira nthawi ya nkhondo, pamene anathawira ku Malawi n'kukhala zaka zambiri cha ku Namwera, pakati pa Asilamu amene anawapatsa munda ndi malo ogona.

"Ndimadziwa kuti tsiku lina abale adzabwera. Inu ndi mng'ono wake? Mphumi ndi yomweyo."

Tinakhala pa muzu wa mango ndipo anandifotokozera. Mvula inagwa kumapiri, kuno kusanagwe dontho. Kagalimoto kanafika powolokera madzi ali m'mawondo, anthu anakuwa kuti kadikire, koma dalaivala anaona kuti lole ya fodya yangowoloka ndipo anatsatira. Lole ndi yaitali miyendo, kagalimoto kathu n'kapansi. Kali pakati, madzi a kumapiri aja anafika. Galimoto anaipeza m'mawa mwake itakodwa pa mangowa, munthu anamupeza patapita masiku awiri m'bango kumunsi, alibe foni, alibe chikwama.

"Bwanji simunatumize uthenga? Galimoto inali ndi manambala."

Madalawo anayang'ana pansi. "Manambala ndi amene anayamba kuchoka. Madzi asanaphwe n'komwe, anyamata a masipeya anali atafika ndi masipanala, ena ochokera kutali. Akuti tigalimoto timeneti anasiya kupanga, chitsulo chake chilichonse ndi ndalama. Anagulula manambala n'kuwataya kuti mwini asapezeke. Ife tinakanena kwa akuluakulu kuti kwafa mlendo, koma mlendo wopanda dzina, wopanda nambala, uthenga wake upita kwa yani?"

Ndinafunsa kuti adziwa bwanji kuti anali achimwene anga, mwina anali munthu wina amene anaba galimotoyo. Mtima wanga unali ukugwirabe kaudzu komaliza. A Alubeto anakweza dzanja lawo lamanzere n'kupinda chala cha mkombaphala.

"Chala ichi chinali chodula pa mfundo. Bala lakalekale."

Chingwe cha khoka chinawadula chala chimenecho tili anyamata ku Monkey Bay. Ndinalira pamenepo, pamaso pa ana ndi mbuzi, kulira kwa munthu wamkulu kumene kulibe ulemu. Madalawo anangondisiya mpaka ndinatopa.

Kenako ndinafunsa funso la amayi. "Anawasambitsa ndani?"

"Ine," anatero. "M'thumba la malaya munali ndalama za kwacha zonyowa, pa mkono anakulunga tasibihi, kolona uja wa Asilamu. Ndinati uyu ndi Msilamu wa ku Malawi, mwana wa anthu amene anatisunga. Mudzi uno ndife Akhristu tonse, Asilamu ali kutsidya, ndipo mtsinje unali wosawolokeka. Anzanga ankafuna kukhoma bokosi. Ndinakana, ndinati anthu awa saikidwa m'bokosi. Ku Namwera ndinakumba nawo manda ambiri, ndinkaona mmene amachitira."

Anati anafunditsa madzi n'kumusambitsa mlendoyo kuyambira mbali ya kumanja, atamuphimba nsalu kuti asaoneke maliseche. Sanda panalibe, ndiye akazi awo anatulutsa nsalu yoyera imene anagula kuti asoketse yunifolomu ya kutchalitchi, n'kuidula patatu. Pansi pa dzenje anakumba kachipinda ka m'mbali, anamugoneka chakumanja, nkhope kuyang'ana kumpoto komwe Asilamu a ku Namwera ankayang'ana poswali, n'kutseka ndi mitengo ndi masamba kuti dothi lisamugwere.

"Chimodzi chokha ndinalibe," anatero. "Mawu. Ndinkamva a shehe akunena, koma sindinawasunge. Ndinaopa kumunenera a kwathu, mwina sakanawafuna. Ndiye tinamuika chete, bambo. Chimenechi chakhala chikundivuta mpaka lero, munthu kupita popanda mawu."

Manda anali kumapeto kwa munda wawo wa chinangwa, osati kumanda a mudzi. Anali osesedwa, atazunguliridwa ndi miyala, kumutu anadzala mtengo wa nsatsi. Ine kumzikiti ndimapita Lachisanu lokha, nalonso ngati makasitomala achepa, ndipo pa maliro ndimaima mzere wakumbuyo kutsatira milomo ya anzanga. Koma pamenepo panalibe wina. Ndinapempha madzi, ndinatawasa, kusamba kuja kokonzekera swala, ndinavula nsapato n'kuima moyang'ana kumene achimwene anayang'ana. Swala ya jeneza, yoswalira maliro, ilibe kuwerama kapena kugwada, umangoima n'kunena Allahu akbar kanayi, ndi mapemphero ake pakati. Mawu ena anandithawa, ndinabwerera n'kuyambiranso. Nditapereka salamu n'kucheuka, ndinapeza a Alubeto ataima kumbuyo kwanga opanda nsapato, chipewa chili m'manja, ndi amuna ena atatu a m'mudzimo atapanga mzere.

Anandipatsa tasibihi ija, anaisunga m'chitini cha tiyi. Ndinafuna kuwasiyira kangachepe ka nsalu ya akazi awo, anakana mpaka kukwiya. Anati ngongole yawo ya ku Namwera ndi yaikulu kuposa nsalu.

Za ulendo wobwerera sindikumbuka zambiri. Kagalimoto ndinakapeza pa Chiponde kali ndi nyali zake zonse, Dauda atakatsukanso. Ndinatsika Chowe ndekha, osatenga kasitomala, ndipo chitseko chinagogoda pa bampu iliyonse.

Ndinafika Lachisanu masana. Amayi anali pakhonde akusankha mpunga, Patuma ali pambali pawo. Ndinagwada n'kuika tasibihi pa lichero. Patuma anaiona, anaphimba nkhope n'kulowa m'nyumba, ndipo kulira kumene anakusunga madzinja awiri kunamveka mpaka kumsewu. Amayi sanagwedezeke. Anaitola tasibihiyo, anaiyendetsa m'zala.

"Anamusambitsa?"

"Anawasambitsa, amayi. Ndi madzi ofunda, kuyambira kumanja."

"Sanda?"

"Nsalu yoyera yatsopano, zidutswa zitatu. Nkhope ikuyang'ana ku Maka."

"Anamuswalira ndani?"

"Ine."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe? Iwe amene unkathawa madarasa kukawedza?"

"Ine ndemwe, amayi. Ndinalakwitsa kawiri, ndinayambiranso."

Amayi anafumbata tasibihi ija. Kenako anati, "Zakwana. Kaitane a shehe." Madzulo a tsiku limenelo anadya chakudya chonse chimene anawaikira.

Sadaka inachitika, Patuma anakhala eda yake n'kuimaliza. Chambo cha pa sadakapo ndinakachitenga ndekha ku Nkopola, ndipo amayi analamula kuti ndichikoloweke pa mbedza zomwe zija. Anthu ambiri andiuza kuti ndichotse chitsekocho, kuti si bwino kuyenda ndi chinthu cha munthu wakufa. Che Bwanali ayesa kumanga loko, asintha mphira, koma kugogoda sikunathe. Ndikachichotsa ndiikapo chiyani? Chatsopano kulibe, ndipo china chilichonse chimene ndingapeze chidzakhalanso cha m'bale wa munthu wina amene mwina akumudikirabe kwawo. Bola ichi, mwini wake ndikumudziwa.

Ndiye ndikuyenda nacho. M'mawa uliwonse ndikadzaza pa siteji ya boma n'kutulukira pa bampu ya pa geti, kumbuyo kumamveka gu, gu. Makasitomala achilendo amacheuka, ena amafunsa kuti ndikulankhula ndi yani. Ine ndimangoponya giya n'kuyankha kuti, "Ndamva achimwene, tikupita."